Daniel Kachamba, Woimba wa ku Chileka

Munthu akamachoka mu mzinda wa Blantyre kulowera ku bwalo la ndege la Chileka, amadutsa m'midzi ya m'dera la Mfumu Kuntaja. Umodzi mwa midziyo ndi wa Singano. Mudziwu ndi wonga midzi ina yonse: uli ndi minda ya chimanga, mitengo ya mango ndi makola a mbuzi. Komabe dzina lake lidalembedwa m'mabuku a ku Ulaya, ndipo anthu ophunzira a m'maiko akutali adafikako kudzauona. Lidautchukitsa ndi banja lina la oimba, makamaka mwana wa m'banjamo dzina lake Daniel Kachamba.

Daniel adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Bambo ake, a James Kachamba, adali odziwa kuimba gitala, motero iye ndi mng'ono wake Donald adakula akumva kulira kwa nsambo pakhomo pawo.

Masiku amenewo dziko lathu linkatchedwa Nyasaland. Ntchito za malipiro zidali zosowa, chonsecho mwamuna aliyense ankayenera kukhoma msonkho. Kaamba ka ichi amuna ambiri a ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe ankasiya mabanja awo napita kukafuna ntchito kunja. Ena ankakwera sitima ya pamtunda, ena ankadzera msewu wa ku Mwanza ndi ku Tete kupita ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Amene ankalembedwa ndi bungwe la Wenela ankakwera ndege pa Chileka pomwepo mpaka ku Francistown, ndipo kuchokera kumeneko sitima inkawafikitsa ku migodi ya golide ya ku Johannesburg.

Munthu akafika ku mgodi, asanapatsidwe fosholo ankayamba waphunzitsidwa chiyankhulo cha pa ntchito chotchedwa Fanakalo. Mawu ambiri a chiyankhulochi ndi a Chizulu, ena ndi a Chingerezi ndi a Chiafrikaans. Pansi pa nthaka pankakumana anthu a mitundu yambiri, ndipo wosamva chenjezo la kapitawo akadatha kuphedwa ndi mwala. Choncho makolo athu adadziwa kale kuti chiyankhulo ndi chida chogwirira ntchito, monga momwe lilili khasu kapena nkhwangwa.

M'chaka cha 1957, Daniel ali ndi zaka 10, banja lawo nalonso lidanyamuka kupita ku Salisbury, mzinda umene tsopano umatchedwa Harare. Kumeneko mnyamatayo adapeza zinthu zambiri zachilendo. Eni dziko ankayankhula Chishona. M'masitolo ndi m'malo a ntchito munkamveka Chingerezi ndi Chilapalapa, chimene ndi chibale cha Fanakalo. Mwana wina akadadzipatula n'kumangolira kwawo, koma Daniel adatchera khutu. Chimene chidamukopa koposa zonse ndi nyimbo za mu mzindamo.

Nyimbo zimene zidali m'kamwa mwa aliyense zaka zimenezo zidali za kwela. Zidayambira m'misewu ya ku Johannesburg, kumene anyamata osauka ankaliza zitoliro zachitsulo zotsika mtengo, ndipo katswiri wotchuka wa chitolirocho adali Spokes Mashiyane. Nyimbozi zidafalikira m'maiko oyandikana kudzera pa wailesi ndi m'mbale za galamafoni zimene amuna a ku migodi ankabwera nazo. Dzina lakuti kwela lidachokera ku liwu la Chizulu limene tanthauzo lake ndi lofanana ndi liwu lathu lakuti kwera. Izi zikutisonyeza kuti ziyankhulo zambiri za mbali ino ya Africa ndi zapachibale, ndipo munthu wodziwa bwino chake savutika kwambiri kuphunzira cha mnzake.

Daniel sadaphunzire nyimbo m'kalasi. Makutu ake ndiwo adali sukulu yake. Ankamvetsera nyimbo mosamala, nayesa kuitsata pa gitala mpaka zala zitazolowera. Umu ndi momwenso munthu amaphunzirira chiyankhulo chatsopano: amayamba wamvetsera, kenaka amayesa, ndipo akalakwa sachita manyazi koma amayesanso.

Patapita zaka zingapo adabwerera kuno kwathu, ndipo Daniel ndi Donald, pamodzi ndi anyamata ena, adayambitsa gulu loimba. Zipangizo zawo zidali zochepa. Daniel ankaimba gitala. Donald ankaliza chitoliro, chimene ankachilowetsa m'kamwa mochipendeketsa kuti chitulutse mawu aakulu ndi okoma. Wina ankaliza babatoni, ndilo bokosi lokhala ndi mtengo ndi nsambo imodzi yolira mawu aakulu, ndipo winanso ankagwedeza maseche.

Kuimba kudali ntchito yawo yowapatsa chakudya. Ankaimba m'misewu, m'misika ndi m'malo ena osonkhana anthu, ndipo omvera akakondwa ankawaponyera timakobidi. Moyo wotere sudali wapafupi. Tsiku lina ankapeza ndalama, tsiku lina ankabwerera chimanjamanja. Komanso anthu ambiri nthawi imeneyo ankawayesa oimba gitala anthu othawa khasu.

Mu mzinda wa Blantyre munkakhala Amang'anja, Ayao, Alomwe, Angoni, Asena ndi anthu ena ambiri, ndipo pakati pawo padali amene adaona maiko akunja. Wamalonda wanzeru amayamba wadziwa chimene ogula akufuna, ndipo Daniel adachita chimodzimodzi. Sadakakamire pa kwela yekha. Adaphunziranso sinjonjo ndi simanjemanje za kum'mwera, ndiponso maimbidwe a gitala a ku Congo ndi ku Kenya, monga rumba, imene kuno ankaitchula kuti lumba. Nyimbo zake zambiri zidali za m'Chichewa, koma ankathiramonso mawu a ziyankhulo zina zimene adazimva. Munthu amene adagwirako ntchito kunja akamva mawu otere ankaima, nakumbukira kumene adayenda.

Koma Daniel sadali wongotsanzira chabe ngati chinkhwe. Zimene adatola kwa eni ake adazisakaniza ndi kavinidwe, kayankhulidwe ndi nthabwala za kwathu kuno, napeka nyimbo zakezake zonena za moyo wa anthu a m'midzi ndi a m'tauni. Munthu akangomva gitalayo ankadziwiratu kuti akuimba ndi Kachamba.

M'chaka cha 1967 kudafika alendo awiri amene ankayenda m'dziko muno kufufuza ndi kujambula nyimbo za Amalawi. Wina adali Gerhard Kubik wa ku Vienna m'dziko la Austria, ndipo mnzake adali Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Alendowa adamva anyamata aja akuimba mu mzinda wa Blantyre, nachita nawo chidwi kwambiri. Adawatsatira kumudzi, adajambula nyimbo zawo ndipo adawajambulanso kanema.

Taganizani za anthu amenewa. Kwawo kwa Kubik anthu amayankhula Chijeremani, kwawo kwa Djenda ana amaphunzira m'Chifalansa, pamene ku Singano amayankhula Chichewa. Chikhalidwe chawonso chidali chosiyana. Pakadakhala mantha kapena kunyozana, alendowo akadangomvera nyimbo imodzi n'kupitirira ulendo wawo. Koma akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Daniel ndi abale ake adalandira alendowo, ndipo ubwenzi umene udayamba chaka chimenecho udakhalitsa moyo wawo wonse.

Kubik sadafune kungomva nyimbo. Adafuna kudziwa mmene amakungira nsambo za gitala, maina amene oimbawo adapatsa maimbidwe osiyanasiyana, ndi tanthauzo la mawu a m'nyimbo. Apa mnyamata woimba m'misewu uja adasanduka mphunzitsi wa munthu wa ku yunivesite. Kuimba bwino ndi luso limodzi, koma kufotokozera mlendo ntchito yako mpaka aimvetse ndi luso linanso, ndipo Daniel adali nawo maluso onse awiri. Nayenso Kubik adadzichepetsa. Adaphunzira Chichewa, adaphunzira kuimba kwela, ndipo pambuyo pake adakhala mmodzi wa oimba m'gulu la Donald. Kubik adalemba buku lonena za gulu la ana a Kachamba. Bukulo lidatuluka m'Chijeremani m'chaka cha 1972, ndipo la Chingerezi lidasindikizidwa m'chaka cha 1974 ndi chithandizo cha Yunivesite ya Zambia.

M'chaka cha 1972 chomwecho njira ya kunja idatseguka. Bungwe la Goethe-Institut, limene limaphunzitsa Chijeremani ndi kulimbikitsa ubale wa maiko pa nkhani za chikhalidwe, lidawaitana kukaimba ku Nairobi m'dziko la Kenya. Adafikanso ku Ulaya, naimba ku Austria ndi ku Germany. Amuna ambiri a ku Chileka ankapita kunja kukagulitsa mphamvu za manja awo pansi pa nthaka, koma Daniel adapita ngati mlendo woitanidwa kuti akaonetse luso la kwawo.

Kumenekonso kudali zambiri zoti aphunzire. Kuno kwathu woimba akayamba, anthu amavina, amayi amalulutira, ndipo wokondwa amafupa nyimbo ili m'kati. M'nyumba zoimbira za ku Ulaya anthu amakhala chete pa mipando mpaka nyimbo ithe, ndipo pamenepo ndi pomwe amaomba m'manja. Woimba wosadziwa mwambo umenewu akhoza kuganiza kuti anthuwo sakukondwa, n'kutaya mtima. Kumeneko zinthu zimayamba pa nthawi yeniyeni imene adapangana, zakudya ndi zina, ndipo nyengo yozizira ndi yoopsa. Pa maulendo otere Chingerezi chimathandiza kwambiri, pakuti ndicho chimalumikiza anthu a maiko osiyana. Koma pamwamba pa chiyankhulo, wapaulendo amafunika kuyang'anitsitsa mmene eni ake akuchitira ndi kufunsa pamene sadamvetse, popeza safunsa adadya phula.

Tizindikire chinthu chimodzi. Anthu a ku Ulaya sadasonkhane kuti amve Daniel akuimba nyimbo za ku Ulaya, pakuti oimba otere adali nawo kale ambirimbiri. Adasonkhana kuti amve chimene iwo adalibe. Kudziwa za eni ake kudamtsegulira chitseko, koma chimene adalowa nacho m'nyumbamo chidali cha kwawo ku Singano.

M'zaka zotsatira Daniel ankakonda kuimba yekha. Zala zake zinkaliza nsambo zazikulu ndi zazing'ono nthawi imodzi, kotero kuti womvera pa wailesi ankayesa kuti akuimba ndi anthu awiri kapena atatu. Nyimbo zake zinkamveka kawirikawiri pa wailesi ya MBC, ndipo dzina lake lidadziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Anthu aja amene kale ankanyoza oimba gitala adayamba kumutchula mwaulemu kuti Dokotala Kachamba.

Daniel Kachamba adamwalira pa 25 July m'chaka cha 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40. Adapita akadali ndi mphamvu, koma njira imene adalambula sidatsekeke. Mng'ono wake Donald adapitiriza kuimba kwela m'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America. M'chaka cha 1999 adaitanidwa kukaphunzitsa nyimbozi pa yunivesite ya ku Los Angeles m'dziko la United States, ndipo adamwalira m'chaka cha 2001. Mwana winanso wa ku Singano, Moya Aliya Malamusi, amene ankaimba nawo m'gululo, adakhala katswiri wofufuza za nyimbo, ndipo adakhazikitsa ku Chileka malo osungirako nyimbo, nthano ndi zipangizo za makolo athu.

Si tonse amene tidzakhale oimba. Ena mwa inu adzagwira ntchito pa bwalo la ndege, kumene adzalandira alendo a ziyankhulo zosiyanasiyana. Ena adzagulitsa mbewu pa msika wa Lirangwe kwa anthu apaulendo. Ena adzayendetsa magalimoto a katundu kupita ku Beira ndi ku Nacala, kumene kumafunika Chipwitikizi, kapena ku Dar es Salaam, kumene kumafunika Chiswahili. Kulikonse kumene mudzapite, munthu amene mwampatsa moni m'chiyankhulo chake, ndi kumlemekeza monga mwa mwambo wa kwawo, adzakumverani msanga. Daniel Kachamba adayamba kuphunzira zimenezi ali ndi zaka zonga zanuzi, ndipo adaziphunzira osataya Chichewa chake.

Mafunso

1. Kodi Daniel Kachamba adabadwira kuti, ndipo m'chaka chanji?
2. Chifukwa chiyani amuna ambiri a ku Chileka ndi ku Lirangwe ankapita kunja kukagwira ntchito?
3. Fotokozani chifukwa chimene anthu a ku migodi ankaphunzirira Fanakalo asanayambe ntchito.
4. Tchulani zipangizo zinayi zimene gulu la ana a Kachamba linkaimbira.
5. Kodi Gerhard Kubik adaphunzira chiyani kwa Daniel ndi Donald?
6. Kodi omvera nyimbo a kuno kwathu amasiyana bwanji ndi a ku Ulaya?
7. Perekani matanthauzo a miyambi iwiri imene ili m'nkhaniyi.

Ntchito

Funsani makolo kapena anzanu kuti akuphunzitseni kupereka moni ndi kuthokoza m'ziyankhulo zitatu zosiyana ndi chanu. Lembani mawuwo m'makope mwanu, ndipo mawa mudzaphunzitse anzanu m'kalasi.