Herbert Dhlomo: mphunzitsi amene anaika mafumu akale pa siteji

Herbert Isaac Ernest Dhlomo anabadwa mu 1903 ku Siyamu, pafupi ndi Pietermaritzburg m'chigawo cha Natal ku South Africa. Anaphunzira zauphunzitsi ku Adams College, sukulu ya mishoni ya ku Amanzimtoti, ndipo anagwira choko zaka zingapo, poyamba ku Umzumbe kenaka ku Johannesburg. Mu 1935 anasiya kalasi n'kulowa utolankhani ku nyuzipepala ya Bantu World.

Adakali mphunzitsi, Dhlomo anali mmodzi mwa atsogoleri a gulu la zisudzo la Bantu Dramatic Society. Sewero loyamba limene gululi linaonetsa mu 1933 linali She Stoops to Conquer, nthabwala yakale ya Oliver Goldsmith ya ku Ulaya. Zimenezi si zodabwitsa, pakuti masewero osindikizidwa amene anthu ophunzira ankawadziwa nthawi imeneyo ambiri anali a Angerezi. Dhlomo anaona kuti mbiri ya anthu a kwawo ili ndi nkhondo, ziwembu za pabwalo la mfumu, njala ndi maliro zokwanira kudzaza masewero ambirimbiri, koma amene ankazilemba anali ochepa.

Sewero lake loyamba, The Girl Who Killed to Save, linasindikizidwa ku Lovedale Press ndipo limadziwika kuti ndi loyamba m'Chingerezi kusindikizidwa lolembedwa ndi munthu wakuda wa ku South Africa. Limanena za Nongqawuse, mtsikana wachixhosa amene mu 1856 anauza anthu kuti mizimu yalamula kuti aphe ng'ombe zawo zonse ndi kuleka kulima, ndipo akatero makolo awo adzauka kudzawathandiza. Ambiri anamvera. Chotsatira chake inali njala yoopsa imene inapha anthu masauzande ambiri, ndipo otsala anakakamizika kukafuna ntchito kwa Azungu. Dhlomo anailemba nkhaniyi mooneka ngati tsokalo linathandiza, poti linagwetsa zikhulupiriro zakale n'kutsegulira njira maphunziro ndi Chikhristu. Apa mpovuta kumuvomereza. Maganizo amenewa ndi a pamishoni pamene anakulira, ndipo amapeputsa dala phindu limene boma la atsamunda linapeza pa njalayo. Komabe pa chifukwa chomwechi seweroli ndi lothandiza m'kalasi: ophunzira angathe kufunsidwa kuti akufotokoza mbiriyi ndani, nanga wasiya mawu a yani.

Masewero otsatira ali ndi mkwiyo wina. Mu 1936 boma la Hertzog linachotsa anthu akuda a ku Cape m'kaundula wa voti amene ankagwiritsa ntchito limodzi ndi Azungu, ndipo chiyembekezo cha anthu ophunzira choti sukulu idzawapatsa ufulu chinazilala. M'zaka zomwezo Dhlomo analemba za mafumu Cetshwayo, Dingane ndi Moshoeshoe. Mu Cetshwayo, mtsamunda Theophilus Shepstone saonekanso ngati wobweretsa chitukuko, koma ngati wogawanitsa anthu kuti awalamulire mosavuta. Womvetsera wa nthawiyo sankafunika kuuzidwa kuti nkhani ya mfumu yakale ikukhudza malamulo a tsankho a masiku ake. Sewero la Moshoeshoe linaonetsedwa ku Bantu Men's Social Centre ku Johannesburg mu 1939.

Dhlomo analembanso nkhani zofotokoza maganizo ake pa zisudzo, monga Drama and the African ya 1936. Mfundo yake inali yakuti zisudzo sizinabwere pa sitima ya pamadzi. Anaziona m'magule, m'miyambo ya maliro ndi ya mvula, ndiponso mu izibongo, ndakatulo zotamanda mafumu zimene wolakatula amazichita ndi thupi lonse, akusintha mawu ndi mayendedwe, anthu akuvomereza. Kwa mphunzitsi wa chiyankhulo mfundoyi ndi yaikulu: mwana amene akulowa m'kalasi amadziwa kale kusewera nthano, kuyimba ndi kuvomereza, ngakhale sanaonepo siteji.

Pa nkhani ya chiyankhulo ndi pamene moyo wake umasokoneza. Anatsutsana poyera ndi B. W. Vilakazi, amene ankafuna kuti ndakatulo za Chizulu zitengere kalembedwe ka ku Ulaya kofananitsa mamvekedwe a mawu kumapeto kwa mizere. Dhlomo anati mphamvu ya ndakatulo ya mu Africa ili m'kagundidwe ka mawu, osati m'mathero ake. Koma Vilakazi ndiye ankalemba m'Chizulu, pamene Dhlomo, woteteza luso la makolo, ankalemba m'Chingerezi, nthawi zina chotengera kwambiri Shakespeare mwakuti mafumu ake amayankhula ngati a ku England. Mkulu wake, R. R. R. Dhlomo, analemba za Dingane, Shaka ndi Cetshwayo yemweyo m'mabuku a Chizulu, ndipo mabukuwo analowa m'sukulu n'kuwerengedwa ndi ana ambiri. Masewero a Herbert anatsalira m'mapepala. Ankafuna kuyankhula kwa anthu a mitundu yonse nthawi imodzi, Azulu, Asotho, Axhosa ndi Azungu omwe, ndipo Chingerezi chinkaoneka njira yokhayo; koma osindikiza mabuku sanawalabadire.

Kuyambira 1937 anagwira ntchito ku Carnegie Non-European Library ku Germiston, laibulale imene inkatumiza mabuku m'mabokosi kumadera a anthu akuda. Kenaka anasamukira ku Durban. Mu 1941 anatulutsa ndakatulo yaitali ya Valley of a Thousand Hills, ndipo mu 1943 anakhala wachiwiri kwa mkonzi wa nyuzipepala ya Ilanga lase Natal, mkonzi wake ali mkulu wake uja.

Anamwalira ku Durban mu 1956 ali ndi zaka 53. Masewero ake a mbiri ya mafumu anadikira mpaka 1985, pamene Nick Visser ndi Tim Couzens anasonkhanitsa zolemba zake n'kuzisindikiza ku Ravan Press, patapita zaka 29 mwini wake ali m'manda.