A Gwanda Chakuamba, Mbuya wa Kuchigwa

Ife amai a kuno kwa Katunga amene tinali kale pabanja m'zaka za m'ma 1970 sitifunika kuuzidwa kuti a Gwanda Chakuamba Phiri anali yani. Koma adzukulu athu amangomva dzina loti Mbuya, osadziŵa kuti munthuyu anakwera bwanji ndi kugwa bwanji m'chipani chimodzi chomwecho.

Iwo anabadwa m'chaka cha 1934 m'boma la Nsanje, limene nthaŵi imeneyo linkatchedwa Port Herald. Analoŵa ndale akali mnyamata, pa nthaŵi yolimbana ndi chitaganya. Pamene nduna zija, a Chipembere, a Chiume, a Chirwa ndi anzao, zinasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda mu 1964, a Chakuamba anaima nji kumbali ya Kamuzu. Kukhulupirika kumeneku kunawakweza. Anakhala nduna m'maunduna osiyanasiyana, anayang'anira Chigawo cha Kumwera, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa Apayoniya.

Apa tisabisane, amai anzathu. Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pamsika ndi pokwerera basi, ngakhale atabereka mwana kumbuyo. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadilo, anamenyedwa, nyumba zao kutenthedwa, ndipo mu 1972 ambiri anathaŵira ku Mozambique ndi ku Zambia. M'zaka zonsezi a Chakuamba anali mmodzi wa akuluakulu a chipanicho, ndipo dzina lao linkaopedwa. Ife tinkanyadira kuti mwana wa kuchigwa ali pafupi ndi Ngwazi, koma mantha tinali nawonso.

Mu 1980 chipani chija chinawatembenukira. Anamangidwa pa mlandu wofuna kuukira boma, naweruzidwa ku khoti la mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Anawalamula zaka 22. Anthu ankanong'onezana kuti gwero la zonse linali kusamvana kwao ndi a John Tembo, amene anali pafupi kwambiri ndi Kamuzu. Amene dzulo lake ankawavinira anayamba kuopa ngakhale kutchula dzina lao.

Mwina ndende ija inawapulumutsa. Mu May 1983, iwo ali m'kati, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi a David Chiwanga, phungu wochokera kuno ku Chikwawa, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto.

A Chakuamba anatuluka mu July 1993, patangopita mwezi chichitikire referendamu ya pa 14 June, atakhala zaka 13 m'ndende. Anayamba aloŵa UDF, koma posakhalitsa anabwerera ku Malawi Congress Party, chipani chomwe chinawamanga. Ambiri a ife tinagwira pakamwa. Pa chisankho cha 1994 anaima ngati wachiŵiri kwa Kamuzu, ndipo anagonja kwa a Bakili Muluzi. Kamuzu atasiya ndale, utsogoleri wa chipani unagwera iwo, a Tembo n'kukhala wachiŵiri wao. Atambala aŵiri anapezeka m'khola limodzi.

Mkangano unabuka poyera pa chisankho cha 1999, pamene a Chakuamba anasiya a Tembo ndi kutenga a Chakufwa Chihana a AFORD kukhala woima nawo. Anapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse, koma anapambana ndi a Muluzi. Chipani chinang'ambika paŵiri, mbali iliyonse ndi msonkhano wake waukulu, ndipo milandu sinkatha kumakhoti.

Chimene tiyenera kuwakumbukira nacho ndi cha mu July 2002. Phungu wina anabweretsa ku Nyumba ya Malamulo ganizo lochotsa malire a nthaŵi imene Pulezidenti angalamulire. Mipingo inakana. A Tembo ndi a Chihana anavomera, koma a Chakuamba ndi aphungu owatsata anakana, ndipo ganizolo linalephera ndi mavoti atatu okha. Munthu amene anatumikira Pulezidenti wamuyaya anali ataona kumene njira imeneyo imathera.

Mu 2003 a Tembo anatenga utsogoleri wa chipani. A Chakuamba anatuluka, nayambitsa Republican Party, ndipo mu 2004 anatsogolera Mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziŵiri. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje tinawavotera mwaunyinji, koma m'dziko lonse anakhala wachitatu. Atadandaula kuti awabera, sipanapite masabata ambiri, anagwirizana ndi a Bingu wa Mutharika amene anapambanawo. Izi zinakhumudwitsa ambiri amene anaima padzuŵa la kuchigwa kuwaponyera voti. Mu February 2005 anapatsidwa unduna wa zamalimidwe, mu September chaka chomwecho anachotsedwa, ndipo anayambitsanso chipani china, New Republican Party, chimene sichinapite patali.

A Chakuamba anamwalira ku Blantyre pa 24 October 2016 ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa kwao ku Nsanje.