Walther Flemming, Dokotala Amene Anaona Selo Likugawika

Kodi munadzitemapo ndi khasu kapena kudziceka ndi mpeni? Pakapita masiku, bala lija limatseka ndipo pamamera khungu latsopano. Kodi khungu limeneli limacokera kuti? Thupi lanu lonse linapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, dzina lake maselo. Selo simungalione ndi maso. Kuti bala lipole kapena mwana akule, selo limodzi limagawika n'kukhala awiri, awiriwo n'kukhala anayi. Munthu amene anafotokoza bwino mmene zimenezi zimacitikira anali Walther Flemming.

Flemming anabadwa pa 21 Epulo 1843 ku Sachsenberg, pafupi ndi mzinda wa Schwerin, m'dziko la Germany. Bambo ake anali dokotala wa matenda a maganizo. Nayenso anaphunzira za udokotala ndipo anamaliza ku Rostock mu 1868. Pa nkhondo ya Germany ndi France ya mu 1870 ndi 1871, iye ankathandiza asilikali odwala ndi ovulala. Kenako anakaphunzitsa ku Prague. Mu 1876 anasamukira ku yunivesite ya Kiel, ndipo anakhala kumeneko moyo wake wonse.

Masiku amenewo maikulosikopu inalipo kale. Awa ndi makina a magalasi okulitsa tinthu tating'ono. Koma vuto linali lakuti selo ndi loyera mbee ngati madzi, moti za mkati mwake sizinkaoneka bwino. Flemming anayesa utoto watsopano wopangidwa kucokera ku phula la malasha. Atathira utotowo, anaona kuti pakati pa selo pali zinthu zimene zikugwira utoto kwambiri. Anazipatsa dzina lakuti chromatin, kucokera ku mawu a Cigiriki otanthauza mtundu.

Anasankhanso nyama yabwino yoti aifufuze, dzina lake salamander. Nyamayi imaoneka ngati buluzi, koma ana ake amakulira m'madzi ngati mbululu. Maselo ake ndi aakulu, ndipo zipsepse za anawo n'zopyapyala, kuwala kumadutsa bwinobwino.

Komabe panali vuto lina. Selo lothiridwa utoto limakhala lakufa, silisunthanso. Zinali ngati munthu wakupatsani zithunzi zambiri zosakanikirana, n'kukuuzani kuti mupeze coyamba ndi comaliza. Flemming sanatope. Ankajambula ndi dzanja ciliconse cimene waona. Ankayang'ananso maselo amoyo kwa maola ambiri, n'kumayerekezera ndi zojambula zake zija.

Pamapeto pake anapeza ndondomeko yonse. Coyamba, chromatin uja amasanduka timaulusi. Timaulusito timandandalika pakati pa selo. Kenako kaulusi kalikonse kamang'ambika m'litali, ngati mmene mumang'ambira nsungwi poluka licero. Theka limapita mbali iyi, theka lina mbali inayo. Pomaliza selo limafinyika pakati n'kuduka. Motero selo latsopano lililonse limalandira gawo lofanana ndi linzake. Mu 1882 analemba zonsezi m'buku. Kugawika kumeneku anakupatsa dzina lakuti mitosis, kucokera ku mawu a Cigiriki otanthauza ulusi. Mu 1888 Wilhelm Waldeyer anapatsa timaulusi tija dzina lakuti makromozomu.

Nanga cimakoka timaulusito n'ciyani? Flemming anaona timizere tina tosagwira utoto, tocokera mbali zonse ziwiri za selo kupita pakati. Anatijambula, koma makina ake analibe mphamvu yoonetsa mmene tinapangidwira. Lero tikudziwa kuti selo lili ndi mafupa akeake. Taganizirani nyumba ya mitengo. Mizati, phaso ndi luzi n'zimene zimaiimika. M'selo mulinso timipaipi ndi tizingwe togwira nchito yotereyi. Timapatsa selo maonekedwe ake. Kusiyana kwake n'kwakuti timeneti timamangika ndi kuphwasuka nthawi zonse. Selo likafuna kugawika, timipaipi timagwira makromozomu n'kuwakokera mbali ziwiri. Kenako tizingwe timazungulira selo pakati n'kulimanga ngati lamba mpaka liduke. Izi zikucitika m'thupi mwanu panopa, ndipo selo latsopano lililonse likulandira makromozomu 46.

Flemming anadwala matenda a mitsempha ndipo anasiya nchito mu 1901. Anamwalira ku Kiel pa 4 Ogasiti 1905 ali ndi zaka 62. Timipaipi tija tinadzaoneka bwino patapita zaka zoposa 50, ndi makina amphamvu kwambiri.

Nchito yake ikupulumutsa anthu mpaka lero. Khansa ndi matenda amene maselo amagawika osalekeza. Mankhwala ena a khansa, monga vincristine, amaletsa timipaipi tija kumangika, ndiye selo loipalo limalephera kugawika. Mankhwalawa anapezeka m'kaduwa ka ku Madagascar, kamene ambiri amadzala pakhomo kuno ku Mozambique. Koma musawiritse masamba ake kuti mumwe, cifukwa ali ndi poizoni. Mukaona cotupa cimene cikungokula, kapena bala losapola, pitani kucipatala msanga.