Barbara McClintock, mayi amene anaona ma gene akudumpha mu chimanga

Njere imodzi ya chimanga ikakhala ndi timadontho tofiirira pakati pa poyera, ambirife timangokazinga n'kutafuna. Barbara McClintock anatha zaka akufunsa kuti timadonthoto timachokera kuti, ndipo yankho lake linasokoneza zimene asayansi ankakhulupirira zokhudza chibadwa.

Mayiyu anabadwa mu 1902 ku Hartford, m'dziko la America, ndipo anatenga digiri ya PhD pa yunivesite ya Cornell mu 1927. Chida chake chachikulu chinali maikulosikopu. Ankatha kusiyanitsa ma chromosome 10 a chimanga, timizere ta mkati mwa selo momwe mumakhala ma gene, malangizo a chibadwa aja. Nthawi imeneyo aliyense ankati gene iliyonse ili ndi malo ake osasuntha, ngati mikanda pa ulusi.

Ali ku Cold Spring Harbor, ku New York, m'ma 1940, ankabzala yekha chimanga, kuthira yekha mungu, n'kumalemba mtundu wa njere iliyonse. Anaona kuti chromosome nambala 9 imathyoka pamalo amodzimodzi. Kachidutswa kochititsa zimenezi anakatcha Ds, ndipo kena komwe kamakayambitsa anakatcha Ac. Pofika 1948 anali atatsimikiza kuti tizidutswati timasamuka. Ds ikakhala mkati mwa gene yopanga mtundu, mtunduwo umazima. Ikadumpha n'kuchokapo njere ikukula, selo limenelo ndi ana ake onse amayambiranso kupanga mtundu. Dontho lija ndi limenelo basi. Ikadumpha msanga dontho limakula, ikachedwa limachepa.

Atafotokoza izi pamsonkhano wa 1951, ambiri sanamumvetse, ena anakayika. Pofika 1953 anasiya kusindikiza zambiri pankhaniyi. Pa Facebook mudzawerenga kuti ananyozedwa moyo wake wonse chifukwa anali mkazi. Tsankho linalipodi, koma nkhaniyo yakokomezedwa: mu 1944 anali atasankhidwa kale kulowa National Academy of Sciences, ndipo mu 1945 anali pulezidenti wa Genetics Society of America. Ankamulemekeza, koma ganizo lakelo ndi lomwe linawakanika kumeza.

Amene anamuombola ndi mabakiteriya. Chakumapeto kwa ma 1960 ndi m'ma 1970, asayansi anapeza tizidutswa todumpha mu tizilomboti. Bakiteriya nthawi zambiri amakhala ndi chromosome imodzi yozungulira ngati chibangili, kuphatikiza timphete tating'ono ta DNA totchedwa plasmid, tomwe amatha kupatsirana. Gene yolimbana ndi mankhwala ikadumphira pa plasmid, imawolokera kwa bakiteriya wina mosavuta. Apa ndiye nkhani ya chimanga yafika kuchipatala. Iyi ndi imodzi mwa njira zomwe maantibayotiki amathera mphamvu, makamaka tikamawamwa mwachisawawa pa chimfine chilichonse.

Mu 1983, ali ndi zaka 81, analandira mphoto ya Nobel ya zachipatala. Anali mkazi woyamba kuilandira yekha, osagawana ndi wina. Anamwalira pa 2 September 1992 ali ndi zaka 90, DNA yonse ya chimanga isanawerengedwe. Atayiwerenga mu 2009, anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 aliwonse ndi tizidutswa ta mtundu womwewu. Mwa munthu, ndi pafupifupi theka.