JEANNE D'ARC, MTSIKANA WA KU DOMRÉMY

M'dziko la France muli midzi ndi mizinda ina imene alendo amakaiona chifukwa cha mtsikana mmodzi wosadziwa kulemba ngakhale kuwerenga. Dzina lake ndi Jeanne d'Arc, ndipo ife tafuna kuti tiyende m'mapazi ake.

Jeanne anabadwa cha m'ma 1412 ku Domrémy, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa mtsinje wa Meuse. Atate ake, a Jacques d'Arc, anali mlimi. Amayi ake, a Isabelle Romée, ndiwo anamphunzitsa kusoka, kupota ulusi ndi kupemphera. Kanyumba kawo kalipobe kufikira lero.

Masiku amenewo dziko linali pamoto. Nkhondo yolimbirana ufumu pakati pa Afalansa ndi Angerezi inayamba mu 1337, ndipo pofika nthawi ya Jeanne Angerezi ndi abwenzi awo a ku Burgundy anali atagwira mbali ya kumpoto, ndi Paris yemwe. Mwana wa mfumu, Charles, anali asanalongedwe ufumu. Ali ndi zaka ngati 13, Jeanne anayamba kumva mawu amene iye anakhulupirira kuti achokera kwa Mulungu, omuuza kuti akathandize Charles. Mkulu wa asilikali ku Vaucouleurs poyamba anangombweza kwawo. Ife sitimdabwa, pakuti ndani wa ife akadalola mwana wamkazi kupita kunkhondo? Koma mtsikanayo anakakamira, ndipo mu 1429 anayenda pa kavalo masiku 11, atavala zachimuna, kufikira ku linga la Chinon limene lili pamtunda, moyang'ana mtsinje wa Vienne. Kumeneko anaonana ndi Charles.

Tsono mzinda wa Orléans, pa mtsinje wa Loire, unali utazingidwa ndi Angerezi kuyambira mu 1428. Jeanne analowamo pa 29 Epulo 1429 atanyamula mbendera yake yoyera. Pa 7 Meyi muvi unamlasa pakati pa khosi ndi phewa, koma anabwereranso kumene kunali nkhondo, ndipo m'mawa mwake Angerezi anachoka. Anthu a ku Orléans amachitabe chikondwerero chaka ndi chaka pokumbukira tsikulo. Pa 17 Julayi Charles analongedwa ufumu m'tchalitchi chachikulu cha ku Reims, m'mene ankalongeramo mafumu a France, Jeanne ataimirira pafupi. Atapatsidwa mwayi wopempha, anapempha kuti mudzi wa kwawo uleke kukhoma msonkho.

Kuchokera apo zinthu zinatembenuka. Analephera kulanda Paris, ndipo pa 23 Meyi 1430 asilikali a Burgundy anamgwira ku Compiègne, namgulitsa kwa Angerezi. Mfumu ija anaithandiza sinamuwombole. Mlandu wake unazengedwa ku Rouen ndi Bishopu Pierre Cauchon, munthu wa mbali ya Angerezi. Anthu ophunzira kwambiri anamtchera misampha ya mafunso miyezi ingapo, iye ali yekha, akugona m'maunyolo ndi kulondedwa ndi asilikali aamuna. Anamweruza kuti ndi wampatuko, ndipo pa 30 Meyi 1431 anamtentha pa bwalo la msika, ali ndi zaka ngati 19. Phulusa lake analitaya mu mtsinje wa Seine. Pa bwalolo pali tsopano tchalitchi chotchedwa dzina lake, chimene chinatha kumangidwa mu 1979.

Nkhondo inatha mu 1453, Angerezi atatsala ndi Calais yekha. Koma dzina la Jeanne linali lodetsedwabe, ndipo apa mpamene ife timaganiza za amayi ake. Pa 7 Novembala 1455, a Isabelle, ali okalamba ndithu, anakaima m'tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris pamaso pa akuluakulu otumidwa ndi Papa, napempha kuti mlandu wa mwana wawo uwonedwenso. Mboni zoposa 100 zinafunsidwa, ena mwa iwo anzake a Jeanne amene anakulira nawo ku Domrémy. Pa 7 Julayi 1456 chiweruzo chija chinafafanizidwa ku Rouen komweko. Mpingo wa Katolika unadzamtchula Woyera mu 1920, koma a Isabelle anamva ndi makutu awo kuti mwana wawo analibe mlandu. Anamwalira mu 1458 kufupi ndi Orléans, kumene anthu a mumzindawo ankawapatsa ndalama zowathandiza pa ukalamba wawo.