Mbiri ya malemu Les Paul, katswiri amene adalimbana ndi mawu a gitala

Pa 12 August, 2009, ku chipatala cha mumzinda wa White Plains m'chigawo cha New York m'dziko la America, kudamwalira Les Paul, woyimba yemwe dzina lake lidayamba kulembedwa pa magitala a kampani ya Gibson m'chaka cha 1952. Iye adamwalira ndi matenda a chibayo ali ndi zaka 94.

Anthu ambiri amamutchula malemuyu kuti ndiye adatulukira gitala yamagetsi, koma mbiri siikugwirizana nazo. George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker adali atayamba kale kugulitsa gitala yotero m'chaka cha 1932, ndipo kampani ya Gibson idatulutsa yake, ya ES-150, m'chaka cha 1936. Ntchito imene Paul adatayirapo moyo wake idali ina: kufunafuna njira yoti mawu a nsambo zonse za gitala atuluke oyera ndi olingana, popanda phokoso, ndiponso popanda nsambo ina kupondereza inzake.

Dzina lake lobadwa nalo lidali Lester William Polsfuss, ndipo adabadwa pa 9 June, 1915 m'tauni ya Waukesha m'chigawo cha Wisconsin. Makolo ake adalekana iye akadali mwana, kotero adakulira m'manja mwa mayi ake, a Evelyn. Adayamba ndi kuyimba harmonica, kenako gitala, ndipo pofika zaka 13 adali atayamba kale kulandira ndalama poyimba nyimbo za country m'malo odyera a m'mbali mwa msewu, komwe anthu ankaimika galimoto ndi kudyera momwemo.

Malinga ndi momwe ankafotokozera mwini wake, tsiku lina munthu wina amene adali m'galimoto adamutumizira kakalata komuuza kuti mawu ake ndi harmonica zikumveka bwino, koma gitala siikumveka. Mnyamatayo adali atapeza kale njira yokuzira mawu ake polumikiza cholankhulira cha lamya ku wailesi ya mayi ake. Atabwerera kunyumba adazula singano ya galamafoni pamodzi ndi kachipangizo kake, n'kuibaya pa thabwa la pamwamba la gitala, ndi kulumikiza mawaya ku wailesi ya bambo ake.

Gitala idamvekadi, koma idabwera ndi vuto limene aliyense amene adakhalapo pa msonkhano wa zimkuzamawu amalidziwa, lomwe ndi kulira kolasa m'makutu kuja. Gitala wamba ili ndi mimba yamphako yomwe ntchito yake ndi kunjenjemera kuti mawu akule. Singano ija siinkamva nsambo, inkamva thabwa. Mawu akatuluka mu sipika ankabwerera kudzagwedeza thabwa lomwelo, singano n'kuwatumizanso ku sipika, mpaka kulira kumakula kosaletseka. Paul adadzaza mimba ya gitala ndi nsanza, ndipo zitakanika adathiramo pulasitala. Kulira kudachepa, koma gitalayo idaonongeka.

Apa ndi pomwe adaganiza zosiyanitsa nsambo ndi bokosi. Adatola chidutswa cha chitsulo cha njanji, n'kumangapo nsambo imodzi, ndipo pansi pa nsamboyo adaika maginito ndi koyilo zochokera mu lamya. Chitsulo cholemera chotero sichinjenjemera, choncho chimene chidatuluka chidali mawu a nsambo yokha, oyera ndi okhalitsa. Mayi ake akuti adamuseka pomufunsa ngati adaonapo woyimba atakwera hatchi chitsulo cha njanji chili m'manja. Komabe phunziro lidakhazikika, ndipo ntchito zake zonse zam'tsogolo zidachokera pamenepa.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kufotokoza kachipangizo kotchedwa pickup, kamene sikakhudzana ndi galimoto ya dzina lomwelo. Kameneka ndi maginito ozengerezedwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, mu wayamo mumabadwa magetsi ochepa amene amatsata kayendedwe ka nsamboyo, ndipo ampulifaya imawakuza. Malo amene pickup yaikidwa amasintha mawu: pafupi ndi khosi la gitala amatuluka onenepa ndi ofewa, pomwe pafupi ndi mlatho, pamene nsambo zimathera, amatuluka akuthwa ndi oonda.

Nsambo nazonso sizimveka mofanana ku maginito. Pa gitala wamba, nsambo zikuluzikulu zimakulungidwa ndi waya wa bronze umene maginito saumva, kotero amangomva kachitsulo ka m'kati mokha, pamene nsambo zing'onozing'ono zosakulungidwa zimamveka mokwanira. Zotsatira zake n'zakuti nsambo yachiwiri, ya B, imafuula kuposa zinzake. A Gibson adakumana ndi vutoli pa ES-150, gitala yomwe idatchuka ndi Charlie Christian, ndipo adalichepetsa posema kampata pa chitsulo cha pickup pansi pa nsambo imeneyo.

Paul adasiya sukulu ya sekondale n'kupita ku St. Louis kukayimba pa wailesi ndi Sunny Joe Wolverton, ndipo m'chaka cha 1934 adasamukira ku Chicago. Kumeneko masana ankayimba country pa dzina la Rhubarb Red, usiku jazz pa dzina la Les Paul. M'chaka cha 1938 adafika ku New York ndi gulu lake la anthu atatu, momwe mudali Jim Atkins ndi Ernie Newton, ndipo adalembedwa ntchito pa pologalamu ya pa wailesi ya Fred Waring.

Ku New York komweko, cha m'ma 1940 ndi 1941, akuluakulu a fakitale ya Epiphone ankamulola kugwiritsa ntchito zipangizo zawo anthu akaweruka. Adatenga mtanda wa paini wa mainchesi 4 mbali zonse, n'kuikapo khosi la gitala, mlatho ndi ma pickup awiri opanga yekha. Uku kudali kubwereza chitsulo cha njanji chija, koma tsopano pa mtengo. Anthu ataona chinthucho m'malo achisangalalo sadachilabadire, choncho adacheka pakati gitala ya Epiphone n'kumata mbali ziwirizo uku ndi uku kuti chioneke ngati gitala. Adachitcha The Log. Atapita nacho ku Gibson, akuluakulu a kampaniyo adachikana. Gitalayi idasungidwa ku Country Music Hall of Fame mumzinda wa Nashville.

Nthawi yomweyo adatsala pang'ono kufa atagwidwa ndi magetsi poyesa zipangizo m'chipinda cha pansi pa nyumba imene ankakhala, ndipo kuchira kwake kudatenga nthawi yaitali. Atapeza bwino adapita ku Hollywood, adagwirako ntchito ya usilikali ku wailesi ya asilikali, ndipo m'chaka cha 1945 nyimbo ya It's Been a Long, Long Time imene adayimba ndi Bing Crosby idafika pa nambala 1.

Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti magitala amene ankagwiritsa ntchito kwambiri m'zaka zimenezi sadali The Log. Adali magitala amphako a Epiphone omwe ankawang'amba ndi kuwakonzanso, ndipo mwini wake ankawatcha clunkers, kutanthauza ziphakasa. Ankawalimbitsa ndi chitsulo kuti thabwa la pamwamba lisanjenjemere, ankazengereza yekha makoyilo, kusuntha ma pickup kufunafuna malo amene mawu akulingana, ndi kusintha mawaya nthawi ndi nthawi. Maonekedwe ake adali omvetsa chisoni, koma nyimbo zimene zidamutchukitsa zidatuluka m'magitala amenewa.

Chifukwa chimene ankavutikira chotere chidali m'kajambulidwe kake. M'galaja ya kunyumba kwake ku Hollywood adapanga makina odulira zimbale, ndipo ankajambula gawo limodzi la nyimbo pa chimbale, kenako n'kuliseweretsa uku akuyimba gawo lachiwiri, zonse n'kulowa pa chimbale china. Nyimbo ya Lover, imene kampani ya Capitol idatulutsa m'chaka cha 1948, ili ndi magawo 8 a gitala, onse oyimba iye yekha, ena ojambulidwa pa theka la liwiro kuti akaseweredwa amveke othamanga ndi okwera. Koma pa kukopera kulikonse mawu akuthwa ankatayika ndipo phokoso linkaonjezereka. Gitala yoyamba ndi mawu obuntha ikadafika kumapeto itasanduka matope.

Mu January 1948 galimoto imene adakwera idachita ngozi pa msewu wa Route 66 pafupi ndi Davenport m'chigawo cha Oklahoma, ndipo chigongono cha dzanja lake lamanja chidaphwanyika. Madokotala atamuuza kuti chigongonocho sichidzapindikanso, iye adapempha kuti achiumitse chili chopinda, pa mlingo woti athe kufikira nsambo. Adakhala chomwecho moyo wake wonse.

Mu December 1949 adakwatira woyimba Mary Ford, yemwe dzina lake lenileni lidali Iris Colleen Summers. Crosby adali atamupatsa makina ojambulira pa tepi a Ampex, ndipo Paul adaonjezeramo mutu wina woseweretsa kuti azitha kusanja mawu pamwamba pa mawu. Ndi makina amenewa awiriwa adajambula How High the Moon, imene idakhala pa nambala 1 kwa masabata 9 m'chaka cha 1951, ndi Vaya con Dios, imene idakhalapo masabata 11 m'chaka cha 1953.

Pamene Leo Fender adayamba kugulitsa magitala a thabwa lopanda mphako m'chaka cha 1950, a Gibson adazindikira kuti adalakwitsa. Motsogozedwa ndi Ted McCarty adapanga gitala yawo, n'kuchita mgwirizano ndi Paul woti ikhale ndi dzina lake. Idatuluka m'chaka cha 1952 ili yagolide pamwamba, ndi ma pickup awiri a P-90. Akatswiri a mbiri amagwirizana kuti gawo lalikulu la kapangidwe kake lidali la amisiri a Gibson, ngakhale Paul ankadzitengera ulemu wokulirapo pofotokoza nkhaniyi. Nayonso pickup ya humbucker, imene idayamba kuikidwa pa gitalayi m'chaka cha 1957, adaipanga ndi Seth Lover: makoyilo awiri olumikizidwa mosemphana kotero kuti phokoso la magetsi a m'nyumba limafafanizika pomwe mawu a nsambo amatsala.

Paul sadakhutire ndi ma pickup a fakitale, ndipo magitala amene kampani inkamutumizira ankawang'ambanso. Pickup ya P-90 ili ndi waya wozengerezedwa pafupifupi ka 10,000. Kuchuluka kwa waya kumapereka mphamvu, koma kumabunthitsa mawu akuthwa, ndipo chingwe chopita ku ampulifaya chikatalika kutayikako kumaonjezereka. Iye adasankha njira yosiyana: waya wonenepa, wozengerezedwa kochepa, mtundu umene amisiri amautcha low impedance. Pickup yotere imatulutsa magetsi ofooka, koma mawu ake amakhala olingana kuyambira nsambo yaikulu kufika yaing'ono, siitola phokoso lambiri, ndipo itha kulumikizidwa mwachindunji ku makina ojambulira ngati maikolofoni, ngakhale chingwe chitalike bwanji.

Nzeruyi adaisunga kwa zaka zambiri. Ukwati wake ndi Ford udatha m'chaka cha 1964, mgwirizano ndi Gibson nawo udali utaduka, ndipo iye adaleka kuyimba pagulu. Atagwirizananso ndi kampaniyo, magitala a dzina lake adabwerera pa msika m'chaka cha 1968, ndipo chaka chotsatira kudatuluka a Les Paul Personal ndi Les Paul Professional okhala ndi ma pickup a low impedance. Amenewa ankafuna thiransifoma yapadera pa chingwe kuti agwire ntchito ndi ampulifaya wamba. Gitala ya Les Paul Recording ya 1971 idabwera ndi thiransifoma m'kati momwemo, pamodzi ndi switchi ya malo 11 yosinthira mawu akuthwa.

Ogula sadawakonde. Achinyamata a nthawiyo ankatsata Eric Clapton, yemwe m'chaka cha 1966 adalumikiza Les Paul yakale ya ma humbucker ku ampulifaya ya Marshall yotsegulidwa kwambiri, ndipo Jimmy Page ndi ena adatsatira. Iwo ankafuna mawu onenepa ndi okhadzula, omwewo amene mwini dzina adakhala akuwathawa chiyambire ku Waukesha. Kunena zoona, mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo: Paul ankaganizira chipinda chojambulira, pamene achinyamatawo ankaganizira holo yodzaza anthu. Magitala a low impedance adagulidwa ochepa ndipo kampani idaleka kuwapanga, pomwe a humbucker adasanduka chuma chachikulu cha Gibson.

M'chaka cha 1976 Paul adajambula chimbale cha Chester and Lester ndi Chet Atkins, mng'ono wake wa Jim Atkins uja, ndipo chidalandira mphoto ya Grammy. Atachitidwa opaleshoni ya mtima m'chaka cha 1980, adabwerera pa siteji m'chaka cha 1984, n'kumayimba Lolemba lililonse ku Fat Tuesday's mumzinda wa New York, ndipo pambuyo pake ku Iridium. Nyamakazi idaumitsa zala zambiri za dzanja lake lamanzere, kotero adaphunziranso kuyimba ndi zochepa zimene zinkayenda. Adalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame m'chaka cha 1988 ndi mu National Inventors Hall of Fame m'chaka cha 2005, ndipo m'chaka cha 2007 boma la America lidamupatsa mendulo ya National Medal of Arts.

Pa masiku onse a Lolemba amenewo, gitala imene ankakonda kunyamula idali ya mtundu wa Recording, wa ma pickup a low impedance omwe msika udawakana. Adayimba komaliza ku Iridium patangotsala miyezi yochepa kuti amwalire, ndipo adaikidwa m'manda a Prairie Home kwawo ku Waukesha.