Matateu: Katswiri Amene Adatsegulira Anzake Njira ya ku Ulaya

MOLUMBO — Mukafunsa okonda mpira kuno kuti katswiri wamkulu wobadwira m'Moçambique ndani, ambiri atchula Eusébio. Achikulire awonjezapo Mário Coluna. Koma awiriwa asanaponde mumzinda wa Lisboa, padali mwana wina wa dziko lino amene adali atagwedeza kale mabwalo a ku Portugal. Dzina lake ndi Sebastião Lucas da Fonseca, koma dziko lonse lidamudziwa kuti Matateu.

Matateu adabadwa pa 26 Julaye 1927 ku Alto Maé, mumzinda wa Lourenço Marques umene lero ndi Maputo. Idali nthawi ya atsamunda. Kuno ku Zambézia makolo athu ankagwidwa chibalo kukagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Milange ndi ku Gurúè. Ku likulu nako tsankho lidafika mpaka pa mpira, pakuti matimu a anthu akuda adali ndi bungwe lawolawo. Mnyamatayu adayambira ku timu ya João Albasini, kenaka adasewera ku 1º de Maio. Mbiri ya mwendo wake idawoloka nyanja, ndipo m'chaka cha 1951 timu ya Belenenses ya ku Lisboa idamutenga. Apo n'kuti ali ndi zaka 24.

Sadachedwe kudziwika. Pa masewero ake oyamba a ligi, Belenenses idakumana ndi Sporting, timu imene inkaopedwa kwambiri masiku amenewo. Belenenses idapambana 4-3, ndipo zigoli ziwiri adamwetsa ndi mlendoyo. Ochemerera adamunyamula pamapewa potuluka m'bwalo lawo la Salésias. Adali munthu wamphamvu, waliwiro, ndipo akaumenya mpira goloboyi ankangoumvera m'ukonde.

M'ligi ya 1952/53 adaposa onse pomwetsa zigoli 29. M'ligi ya 1954/55 adabwerezanso ndi zigoli 32. Koma chaka chimenechi n'chimene chidamusiyira bala. Pa tsiku lotsiriza Belenenses inkafunika kugonjetsa Sporting kuti itenge ligi, ndipo inkatsogola 2-1. Patangotsala mphindi 4 kuti wenzulo ilire, Sporting idabweza chigoli. Masewero adathera 2-2, chikho n'kupita ku Benfica. Pamoyo wake wonse Matateu sadatengepo ligi ya Portugal. Chitonthozo chidadza mu 1960, pamene Belenenses idagonjetsa Sporting yomweyo 2-1 pa ndime yomaliza ya Taça de Portugal, ndipo chigoli chopambanira chidali chake.

Ku timu ya dziko la Portugal adayamba kusewera mu 1952. Adavala malaya a dzikolo ka 27 ndipo adamwetsa zigoli 13. Chimodzi mwa izo adamwetsa mu Meyi 1955 mumzinda wa Porto, tsiku limene Portugal idagonjetsa England 3-1, koyamba m'mbiri ya maiko awiriwa.

Apa awerengi angafunse kuti bwanji mwana wa m'Moçambique ankasewerera Apwitikizi. Yankho lake n'lakuti nthawi imeneyo kudalibe Mambas. Boma la Salazar linkati dziko lino ndi chigawo chabe cha Portugal, choncho aliyense waluso ankawerengedwa ngati wawo. Monga momwe thonje ndi tiyi wathu ankapitira kunja, aluso a mpira nawo ankapita. Zigoli zonse za Matateu zidalembedwa pansi pa mbendera ya eni. Ufulu utabwera mu 1975, iye n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 48, nthawi yosewerera dziko lake itapita kale.

Komabe khomo limene adatsegula silidatsekekenso. Matimu a ku Lisboa ataona zimene mnyamata wa ku Alto Maé ankachita, adayamba kuponya maso ku Moçambique. Coluna adapita ku Benfica mu 1954. Hilário adapita ku Sporting. Eusébio adafika ku Benfica kumapeto kwa 1960. Mng'ono wake wa Matateu, Vicente Lucas, adamutsatira ku Belenenses ndipo adakhala wotchinga kumbuyo wotchuka. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 1966 ku England, Vicente ndiye adapatsidwa ntchito yolonda Pelé pamene Portugal idagonjetsa Brazil 3-1. Pa mpikisano umenewo Portugal idathera pa nambala 3, mtsogoleri wa osewera ali Coluna, ndipo Eusébio adaposa onse ndi zigoli 9. Amene adalambula njirayo sadali nawo. Iye adasewerera Portugal komaliza mu 1960.

Ukalamba wa wosewera mpira umafika msanga. Mu 1964, atakhala zaka 13 ku Belenenses, Matateu adachoka ali ndi zaka 37, atamwetsa zigoli zoposa 200 m'ligi yaikulu. Anzake a msinkhu wake n'kuti atapuma kale, koma iye adakana kuusiya mpira. Adapita ku Atlético, timu ina ya mu Lisboa momwemo. Kuchoka apo adatsikira ku matimu ang'onoang'ono, Gouveia ya kumapiri ndi Amora ya kutsidya la mtsinje wa Tejo. Munthu amene adagoletsa England tsopano ankasewera m'mabwalo a m'matauni aang'ono. Tikumbukire kuti malipiro a osewera masiku amenewo sadali ngati amene timamva pa wailesi lero, oti munthu n'kukhala pansi osagwiranso ntchito.

Cha m'ma 1970 adawolokanso nyanja kupita ku Canada, kumene kuli Apwitikizi ambiri amene adapitako kukafuna ntchito. Adayamba wakhala ku Toronto, kenaka adakakhazikika ku Victoria, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Kumenekonso ankasewera m'matimu a anthu osamukirako, mpaka zaka zake zidafika 50 akuthamangabe m'bwalo pamodzi ndi anyamata oti akadakhala ana ake.

Matateu adamwalira ku Victoria pa 27 Januwale 2000 ali ndi zaka 72. Coluna adabwerera kwawo ufulu utabwera, nadzatsogolera bungwe la mpira la dziko lino, ndipo adamwalirira ku Maputo mu 2014.

Ife a m'malire tikudziwa kuti kukhala kwa eni n'chiyani. Ambiri adakhala zaka ku Mulanje ndi ku Phalombe nthawi ya nkhondo, ndipo adabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Ena mpaka lero ana awo ali ku Joni. Paja akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Matateu adachoka kwawo ali mnyamata, natsirizira moyo wake kutali kwambiri ndi kumene kudagwera mchombo wake. Ochemerera a Belenenses amamukumbukirabe ngati mmodzi mwa osewera akulu koposa a timu yawo. N'koyenera kuti ifenso, eni ake mwanayo, potchula Eusébio ndi Coluna tiziyamba ndi dzina la amene adawatsogolera.